Chikwama cha azakhali ndi anthu amene boma silikuwadziwa

Azakhali anga sanalembedwepo ntchito ndi bungwe lililonse lothandiza anthu. Alibe galimoto yoyera yolembedwa dzina pachitseko, ndipo kumisonkhano ya m'mahotela a m'tauni sanaitanidweko. Chimene ali nacho ndi chikwama cha pulasitiki cha mizeremizere, chija amayi amanyamuliramo katundu pa msika wa Mbare Musika kuno ku Harare, likulu la Zimbabwe. Zipi yake inaduka kalekale, ndiye amachimanga ndi chubu cha njinga. M'katimo muli makadi a kusikelo, makalata a ubatizo, makalata a mahedimasitala, ndi zitupa zachitsulo za anthu amene anagona kumanda a ku Mbudzi zaka zambiri zapitazo. Pepala lililonse lili ndi mwini wake, ndipo ambiri mwa eni akewo m'mabuku a boma mulibemo.

Iwo anayamba ndi maliro. Anali mlembi wa sosaite ya maliro ku Mufakose, ntchito yolemba amene wapereka ya mwezi ndi amene ali ndi ngongole, kugula ufa ndi kabichi, kuitanitsa bokosi. Tsiku lina anamwalira mkulu wina wa kumpanda kwathu, munthu amene anasesa misewu ya mzinda uno mpaka msana unapindika. Bokosi linagulidwa, nsima inaphikidwa, amayi anagona pasiwa. Koma mtembo sunatuluke kumochale, chifukwa malemuwo chitupa chawo chinatayika kalekale ndipo panalibe wachibale wa mapepala woti akawachitire umboni. Panapita masiku 9. Ufa unatha, olira anayamba kubalalika. Azakhali amati tsiku limenelo ndi limene anazindikira kuti sosaite yawo inkadziwa kuika munthu m'manda koma sinkadziwa kumuika m'buku.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya moyo wotumikira anthu, ndipo ambirife timaisokoneza. Pali chifundo, pali chilungamo. Chifundo chimaona munthu wanjala n'kumupatsa ufa. Chilungamo chimafunsa kuti n'chifukwa chiyani munthu amene anabadwira ku Banket, makolo ake anathyola fodya wa dziko lino moyo wawo wonse, dzina lake silipezeka pamndandanda wa olandira ufawo. Chifundo chimayamikiridwa tsiku lomwelo. Chilungamo chimatenga zaka, chimatopetsa, ndipo nthawi zambiri chimakudanitsa ndi anthu amaudindo. Amene amapereka moyo wawo wonse ku ntchitoyi kawirikawiri amayamba ndi choyambacho, kenako choyambacho chimawakankhira ku chachiwiri asakufuna.

Kuti timvetse za chikwamachi tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kuyambira kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland ankabwera kuno pansi wapansi, kudutsa ku Tete, kuoloka Zambezi, kudzafuna ya msonkho m'migodi monga wa Shamva ndi wa Wankie, ndiponso m'mafamu a fodya a ku Mashonaland. Ena anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena anabwera okha. M'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, njira inali yotseguka ndipo anthu anachuluka zedi. Mu Salisbury, amene lero ndi Harare, ankagwira ya ukhuki, ya m'dimba, ya kukhonsolo, n'chifukwa chake mpaka lero Chichewa ndi Chiyao zimamveka ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, ndipo gule amatuluka Loweruka ngati kuti tili ku Dedza. Kwathu ankawatcha machona. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linatuluka osauma. Anakwatira, anabereka, ana awo nawo anabereka.

Dziko litalandira ufulu mu 1980, malamulo ankalola munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Zimenezi sizinakhalitse: mu 1983 chilolezocho chinachotsedwa, ndipo lamulo la unzika la 1984 linauza anthu kuti asankhe dziko limodzi. Koma nkhonya yeniyeni inabwera mu 2001. Lamulo linasinthidwa kuti amene ali ndi unzika wa dziko lina aukane motsatira malamulo a dziko linalo, pasanathe miyezi 6, apo ayi wa Zimbabwe watha. Akuluakulu a kaundula analimasulira lamuloli mokuluwika kwambiri, mpaka kukhudza aliyense amene kholo lake linabadwira kunja, ngakhale iye mwini sanapondeko ku Malawi.

Taganizirani mmene msamphawu unatcherera. Kuti ukane unzika wa Malawi unayenera kupita ku ofesi ya kazembe, kulipira, ndi kusonyeza kuti ndiwedi nzika ya Malawi. Usonyeza ndi chiyani? Bambo ako anachoka kwa Kachindamoto ali mnyamata, opanda pepala lililonse, ndipo Malawi inadzayamba kupereka ziphaso za unzika kwa anthu onse mu 2017. Ndiye munthu ankauzidwa kuti akataye chinthu chimene sanakhale nachopo. Lamulo la Malawi nalonso panthawiyo silinkalola munthu wamkulu kukhala wa maiko awiri, linadzasinthidwa mu 2018. Kuno akuti ndiwe wa uko, uko akuti sitikukudziwa. Pachitupa panalembedwa mawu akuti ALIEN, ndipo ambiri anachotsedwa m'kaundula wa voti chisankho cha pulezidenti cha mu March 2002 chisanachitike. Ndi m'zaka zomwezo pamene Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti alibe mutupo, kutanthauza mfunda. Mawu amenewo ankatipweteka komanso kutiseketsa, poti mfunda ndiye tili nawo wosabisika: a Phiri, a Banda, a Mwale, a Mbewe, ndipo mfundawo ndi umene unkatigwiritsa pakauntala.

Pamwamba pa zimenezi panagwa zina ziwiri. Kulanda mafamu kumene kunayamba mu 2000 kunasiya ogwira ntchito ambirimbiri opanda ntchito ndi pogona, ndipo pakati pawo panali ana ndi adzukulu a machona ochuluka. Amene anathawira m'tauni n'kumanga timisasa anakumana ndi Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa timisasa ndi misika, mu May 2005. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inalemba kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, pogwirira ntchito, kapena zonse ziwiri. Apolisi ankauza anthu kuti abwerere kumusha. Mnzathu wa Chishona ankakwera basi ya ku Murehwa kapena ku Gutu. Ife kumusha kwathu kunali komboni ya pafamu imene inali italandidwa kale. Mapepala ambiri amene azakhali amawasaka lero anapsa kapena kunyowa m'miyezi yozizira imeneyo, ku Porta Farm, ku Hatcliffe, ku Caledonia.

Wina anganene kuti zonsezi zinatha mu 2013, ndipo pamapepala zinathadi. Malamulo atsopano oyendetsera dziko, m'ndime 43, amati aliyense amene anabadwira mu Zimbabwe tsiku la 22 May 2013 lisanafike, kholo lake limodzi kapena onse awiri ali nzika za dziko la SADC, ndipo iye ankakhala muno patsikulo, ndi nzika yobadwa. Chaka chomwecho khoti lalikulu la malamulowa, pa mlandu wa Mutumwa Mawere, linagamula kuti nzika yobadwa singalandidwe unzika chifukwa chokhalanso ya dziko lina. Ndime 6 imatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho chili poyambirira, ngakhale kuti chinafikapo chifukwa cha dongosolo la zilembo basi. Komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International linkatchulabe chiwerengero cha UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, chakuti anthu pafupifupi 300,000 muno ali pachiopsezo chokhala opanda dziko. Si onse a kwathu ayi: pali a ku Mozambique, a ku Zambia, ndi ana a anthu amene anaphedwa ndi asilikali a boma pa Gukurahundi ku Matabeleland ndi ku Midlands m'zaka za m'ma 1980, amene makolo awo alibe ngakhale pepala la imfa.

N'chifukwa chiyani lamulo labwino silinathetse vutoli? Chifukwa ndime 43 imati "amene anabadwira muno", ndipo kubadwira muno kumafuna umboni. Kusowa mapepala kumayenda m'magazi ngati nthenda ya kumtundu. Lamulo limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 chibadwire, ndipo pomulembetsa mayi amafunsidwa chitupa chake. Mayi wopanda chitupa sangamutengere mwana bethi, kalata ya kubadwa. Mwana wopanda bethi akafika zaka 16 satenga chitupa. Wopanda chitupa salembetsa laini ya foni m'dzina lake, satsegula akaunti, savota, salembedwa ntchito yooneka, ndipo akabereka nkhani imayambiranso. Kusukulu ena amamulandira mwachifundo, koma ikafika nthawi yolembetsa mayeso a Grade 7 mavuto amayamba.

Ndinaona ndi maso anga mmene azakhali amamasulira mfundo yotereyi. Kunabwera mayi wina wa ku Hopley ndi mwana wake wamkazi wa zaka 13. Anagwada pakhomo.

"Amayi, tamva kuti mumathandiza za mabethi. Mwanayu aphunzitsi akuti salemba nawo."

Azakhali sanamuyang'ane n'komwe mwanayo. Anafunsa mayiyo kuti, "Inuyo mwanawe, chitupa muli nacho?"

"Ayi."

"Nanga amayi anu alipo?"

"Alipo, koma akudwala miyendo."

"Nawonso alibe?"

"Anali nacho chachitsulo, chinasowa nthawi ya tsunami."

Tsunami ndi dzina limene anthu kuno anapatsa Murambatsvina. Azakhali anangoti, "Ndiye sitiyamba ndi mwanayu. Tiyamba ndi agogo ake." Ndi mmene imakhalira ntchitoyi: umakwera mtengo mpaka kumene kuli munthu womaliza amene analembedwapo penapake, kenako n'kumatsika m'badwo umodzi umodzi. Agogowo nambala ya chitupa sankaikumbukira. Azakhali anaipeza patatha miyezi iwiri, pa kapepala ka penshoni ka malemu amuna awo kamene kanali m'Baibulo. Agogo atatenga chitupa china, panatsala kusonyeza kuti mwana wawo anabadwiradi pafamu ija. Mwini famuyo anachoka, sukulu ya pakomboni inagwa, mzamba amene anamubadwitsa anamwalira. Chimene chinapulumutsa ndi buku la ubatizo. Mipingo monga CCAP ya sinodi ya Harare ndi ya Katolika inkalemba anthu athu nthawi imene wina aliyense sankawalemba, ndipo kalata ya abusa, pamodzi ndi afidaviti ndi mboni ziwiri za zitupa zawo, nthawi zina imakwanira. Ndati nthawi zina. Ku ofesi imene tinapita anatibweza katatu. Ulendo wina anati dzina silikugwirizana, chifukwa kalaliki wa kalekale analemba Piri pamene pa ubatizo panali Phiri. Chilembo chimodzi chinadya ndalama ya kombi ya anthu anayi, kupita ndi kubwerera. Mtsikanayo anatenga bethi ali ndi zaka 15. Mayeso aja anali atadutsa, anabwereza kalasi.

Pali china chimene sitikonda kuchinena. Anthu ena, atatopa, analembetsa ana m'dzina la neba wa Chishona kapena la m'bale amene anali ndi chitupa. Panthawiyo zinkaoneka zanzeru. Vuto limatulukira pa chuma cha masiye: bambo amwalira, nyumba ya ku Mufakose ili m'dzina lawo, koma ana onse papepala ndi a munthu wina. Azakhali zotere amazikana kwamtuwagalu, ndipo anadana ndi anthu chifukwa cha zimenezo. Ine kale ndinkaona ngati akuuma mtima. Pano ndaona mabanja awiri akutaya nyumba mwanjira imeneyi, ndiye ndinasiya kuwatsutsa.

Njira imene azakhali anadutsa, yoyamba ndi mphika n'kukathera pa malamulo, si yachilendo mumzinda uno. Mukamatsika kombi pa Mbare mumadutsa holo ya Mai Musodzi, ndipo achinyamata ambiri amangoidziwa ngati malo a zisudzo. Elizabeth Musodzi anabadwa cha m'ma 1885, anataya makolo pa nkhondo ya 1896 ndi 1897, ndipo anakulira ku mishoni ya Chishawasha. Anakwatiwa ndi Frank Ayema, wapolisi wochokera kutsidya kwa Zambezi, kotero za kukhala ndi mlendo m'nyumba ankazidziwa. Ankalima n'kumagulitsa zokolola, ndipo mu 1938 anathandiza kuyambitsa Harare African Women's Club. Poyamba zinali za kusoka, kuthandizana pa matenda, maphunziro a Red Cross. Koma amayi amene ankabwera kudzaphunzira kusokawo ndi omwewo amene ankathamangitsidwa m'nyumba za lokeshoni amuna awo akamwalira, ndi omwewo ankagwidwa n'kukapimidwa matenda opatsirana mokakamiza. Mai Musodzi analowa m'komiti yolangiza ya lokeshoni, anatsutsa zimenezi, anamenyera kuti amayi akhale ndi chipatala chochirira. Analandira mendulo yaulemu ya ku Britain ya MBE mu 1947, anamwalira mu 1952. Jairos Jiri naye, ku Bulawayo, anayamba ndi kutengera anthu olumala kunyumba kwake, kenako mu 1950 anayambitsa bungwe lowaphunzitsa ntchito za manja kuti asiye kupempha, bungwe limene lilipo mpaka lero.

Mendulo zisatinamize. Wogawa mabulangete amajambulidwa ndi nduna, koma wofunsa chifukwa chimene anthu akugonera panja amaitanidwa kupolisi. Bishopu Donal Lamont wa ku Umtali, kumene lero ndi ku Mutare, anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 10 mu 1976 chifukwa chosaulula asilikali omenyera ufulu amene ankathandizidwa pa mishoni, ndipo anathamangitsidwa m'dziko chaka chotsatira. Boma la anthu akuda litalowa, bungwe lomwelo la Katolika la chilungamo ndi mtendere limene linkaulula nkhanza za boma la azungu la Ian Smith linakhalanso mdani litafufuza za Gukurahundi. Jestina Mukoko wa Zimbabwe Peace Project anatengedwa kunyumba kwake ku Norton m'mamawa wa pa 3 December 2008, ndipo khoti lalikulu linadzaimitsa mlandu wake mu 2009 litapeza kuti anazunzidwa. Gertrude Hambira, yemwe anali mlembi wamkulu wa GAPWUZ, bungwe la ogwira ntchito m'mafamu, amene ankalankhulira makamaka anthu athu a m'makomboni, anathawa m'dziko mu 2010 bungwelo litatulutsa umboni wa nkhanza za m'mafamu. Azakhali sanafike pamenepo, iwo ndi kambalame kakang'ono. Koma chisankho chikayandikira amachibisa chikwamacho kwa neba, chifukwa wothandiza anthu kutenga zitupa amaoneka ngati akusonkhanitsa mavoti a chipani china, ndipo mbali zonse ziwiri zimamukayikira.

Za mabungwe ndinene mosapsatira. Ena agwira ntchito yaikulu. Legal Resources Foundation, imene inayamba mu 1984, inaphunzitsa ma-paralegal amene amafotokozera anthu wamba malamulo popanda kulipiritsa, ndipo maloya a Zimbabwe Lawyers for Human Rights atengerapo milandu ya unzika kukhoti. Popanda anthu otere ndime 43 sikanalembedwa, ndipo Zimbabwe Human Rights Commission sikanachita kafukufuku wa dziko lonse wa za mapepala amene lipoti lake linatuluka mu 2020. Koma bungwe limayenda ndi ndalama za pulojekiti, ndipo pulojekiti ili ndi tsiku lothera. Banja la ku Hopley lija linatenga zaka ziwiri. Wopereka ndalama amafuna chiwerengero pakutha pa miyezi itatu iliyonse, ndiye n'zosadabwitsa kuti mabungwe ambiri amakonda maphunziro a tsiku limodzi, anthu 50 asayine, alandire chakumwa ndi bisiketi. Thandizo la America litadulidwa kumayambiriro a 2025 maofesi ambiri anachepetsa antchito, ndipo lamulo latsopano la mabungwe omwe si aboma (PVO) la chaka chomwecho linapatsa boma mphamvu zambiri pa iwo. Zonsezi zikachitika amene amatsala ndi anthu ngati azakhali, amene sanalipidwepo ndiye palibe chowadula. Sindikunena izi powatamanda okha. Munthu mmodzi ndi chikwama sangasinthe lamulo, ndipo loya wa ku Avondale sangadziwe kuti nambala ya chitupa ili m'Baibulo la agogo. Ntchito imayenda pokhapokha awiriwa akadziwana, ndipo sadziwana kawirikawiri.

Mtengo wina umalipiridwa kunyumba, ndipo umenewu sulembedwa m'mbiri za anthu otchuka. Msuweni wanga wamkulu, mwana wawo woyamba, mpaka lero amakumbukira chaka chimene ndalama yake ya yunifolomu inapita pa mayendedwe a mboni za munthu wina. Amati anakula akudya nsima ndi alendo amene sankawadziwa, ndipo pabalaza pankagona anthu odikira kupita ku ofesi m'mawa. Azakhali akamuyankha kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, iye amati, "Nanga wanu weniweni ndi wa yani?" Sindinamvepo yankho lake. Malume, asanamwalire, ankangoti anakwatira ofesi. Palinso kusayamika, kumene kumapweteka kuposa umphawi. Ena akatenga chitupa sabwereranso ngakhale kudzanena kuti zatheka, ena amafalitsa kuti azakhali amadyapo kenakake. Ndipo pali amene amamwalira nkhani yawo ili pakati, mapepala awo n'kutsala m'chikwamamo chifukwa azakhali sataya kanthu. Amati mdzukulu adzabwera.

Boma nalo limayesa nthawi zina. Mu 2022 kunali kalembera woyendayenda kwa miyezi ingapo, ndipo zofunika zina anazifewetsa. Anthu ambiri anathandizika, kuphatikizapo mabanja 11 a m'chikwama cha azakhali. Koma kalembera wotere amabwera chisankho chikayandikira n'kupita, pamene ana amabadwa tsiku lililonse kwa amayi opanda zitupa ku Epworth ndi ku Hopley. Lamulo la unzika lenilenilo lakhala zaka zambiri osaligwirizanitsa ndi malamulo a 2013, kotero kalaliki wa pakauntala amatha kukhala ndi mabuku awiri onena zosiyana, ndipo amasankha limene silingamuike m'mavuto ndi abwana ake.

Maso a azakhali ayamba kuchita nkhungu. Loweruka lapitali anandiitana kuti ndikawawerengere khadi la kusikelo limene inki yake inafufutika ndi madzi. Ndinaliyang'ana padzuwa, ndinaliunika ndi tochi ya foni, koma ndinangotha kuona chaka, 1987, ndi chilembo choyamba cha dzina la mayi. Iwo anatseka maso n'kutchula dzina lonse, famu imene mayiyo anabadwira, ndi mkulu wa mpingo wa ku Tafara amene angakhale mboni ngati akadali moyo. Anandiuza kuti ndilembe zonsezo kuseri kwa envulopu, ndipo ndilembe zilembo zikuluzikulu.

"Lachiwiri tidzuke 4 koloko," anatero akumanga chikwama ndi chubu chija. "Ndipo mubwere ndi ya kombi ya anthu atatu, awa alibe."